Pujols sanabe: anakalamba ali pa kontrakiti

Akonzi,

Ndiloleni nditsirepo ndemanga pa masewero amene ambiri mwa owerenga anu sawatsatira, koma amene ine ndawakonda kuchokera pamene ndinayamba kukhala mumzinda wa St. Louis ku America zaka zoposa 15 zapitazo. Masewerowo ndi baseball. Mu Disembala 2024 timu ya New York Mets inasainirana ndi wosewera wotchedwa Juan Soto kontrakiti ya zaka 15 ya madola 765 miliyoni, ndipo kuyambira pamenepo, paliponse pamene ochemerera akumana, kaya ndi pawailesi kaya ndi kuntchito nthawi ya nkhomaliro, nyimbo yake ndi imodzimodzi: a Mets adzanong'oneza bondo, chifukwa mnyamatayu akadzakula adzasanduka Pujols wina, wolandira ndalama zambiri mphamvu zitamuthera. Zimandiwawa kumva dzina la Albert Pujols, katswiri wakale wa timu ya mumzinda uno, likutchulidwa ngati chenjezo, ngati kuti munthuyo anathyola nyumba ya wina n'kutengamo ndalama, ndipo n'chifukwa chake ndalemba kalatayi.

Amene sanaonepo masewerowa adziwe kaye kuvuta kwa ntchito ya womenya mpira. Woponya amaima pa mtunda wa mamita 18 ndi pang'ono, n'kuponya kampira kolimba pa liwiro limene nthawi zambiri limapitirira makilomita 150 pa ola, moti womenyayo amakhala ndi nthawi yosakwana theka la sekondi kuti aone kumene mpira ukulowera, aganize, ndi kuuzinga ndi ndodo yake. Amene wakwanitsa katatu pa maulendo khumi amatchedwa katswiri. Timu iliyonse imasewera magemu 162 pa sizoni, pafupifupi tsiku ndi tsiku kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kutha kwa Sepitembala. Ntchito yotere imadalira maso, mikono ndi chiuno, ndipo zimenezi zikayamba kuchedwa ngakhale pang'ono pokha, palibe luso limene lingabise.

Pujols anabadwira ku Santo Domingo m'dziko la Dominican Republic mu 1980. Pamene matimu ankasankha achinyamata mu 1999, osewera 401 anatengedwa iye asanatchulidwe, kenaka St. Louis Cardinals inamutola. Analowa m'ligi yaikulu mu 2001 ndipo kwa zaka khumi zotsatizana sanatsikepo pa katatu pa khumi paja, komanso chaka chilichonse ankamenya ma home run osachepera 30, kutanthauza kuti mpira wawoloka mpanda ndipo womenya azungulira bwalo lonse popanda womutchinga. Anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya National katatu, mu 2005, 2008 ndi 2009, ndipo anathandiza Cardinals kutenga chikho cha World Series mu 2006 ndi 2011. M'chikho cha 2011 chija, polimbana ndi Texas Rangers, anamenya ma home run atatu usiku umodzi. Pasanathe miyezi iwiri chichitikireni zimenezi, anali atasaina kontrakiti ya zaka khumi ya madola 240 miliyoni ndi Los Angeles Angels, timu imene inalonjeza ndalama zoposa zimene Cardinals inafuna kupereka.

Ndikukumbukira m'mawa umene nkhaniyi inamveka. Bambo wina amene ndinkagwira naye ntchito, mbadwa ya mumzindawu, ankakoleka jezi ya Pujols ya nambala 5 kumbuyo kwa mpando wake. Tsiku limenelo anaipinda mwakachetechete, n'kuiponya m'dirowa ya pansi, ndipo anandiuza kuti munthu wosiya anthu amene anamulera chifukwa cha ndalama sayenera kumutchulanso. Inenso mtima unandipweteka, sindingabise. Koma m'kupita kwa nthawi, nditamvetsa mmene malipiro a masewerowa amayendera, ndinaona kuti mkwiyo wathu unalunjika pa munthu wolakwika.

Wosewera akalowa m'ligi yaikulu sakhala ndi ufulu wosankha timu mpaka atakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi. Zaka zitatu zoyambirira timu imamulipira pafupifupi malipiro otsikitsitsa amene malamulo amalola, ngakhale atakhala kuti ndiye akusenza timu yonse. Mu 2001 malipirowo anali madola 200,000 pa chaka, ndipo ndi ndalama zimene Pujols analandira pamene anali kale mmodzi mwa omenya oopsa m'ligi monse. Zaka zitatu zotsatirazo wosewera akhoza kukadandaula kwa oweruza apadera kuti amuwonjezere, komabe sangapite kwina. Pa nthawi yonseyi timu ikhoza kumusinthanitsa ndi wosewera wa timu ina popanda kumufunsa, mosiyana ndi mpira wamiyendo kumene wosewera amayenera kugwirizana ndi timu yatsopano asanasamuke. Munthu amatha kudzuka ali wa timu ina n'kukagona ali wa ina, banja ndi sukulu ya ana zili m'mbuyo. N'zoona kuti mu 2004 Cardinals inapatsa Pujols kontrakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri ya madola 100 miliyoni, zomwe si ndalama zamasewera, koma aliyense wotsatira bwino amavomereza kuti pa ntchito imene anagwira m'zaka zimenezo, timuyo inagula ng'ombe pa mtengo wa mbuzi.

Ufulu wochepa umenewu nawonso sunabwere pa mbale. Mu 1969 wosewera wina wa Cardinals yomweyi, Curt Flood, anakana kusamutsidwira ku Philadelphia, ponena kuti iye si katundu woti agulidwe ndi kugulitsidwa. Mlandu wake unafika ku khoti lalikulu la dzikoli mu 1972 ndipo anagonja, ntchito yake itatha kale. Chitseko chinadzatseguka mu 1975 pa chigamulo cha woweruza wapadera pa nkhani ya osewera ena awiri, Andy Messersmith ndi Dave McNally, ndipo lamulo la zaka zisanu ndi chimodzi linatuluka m'zokambirana za eni matimu ndi bungwe la osewera chaka chotsatira. Zotsatira zake n'zakuti osewera ambiri amafika pamsika ali ndi zaka 30 kapena kuyandikira pamenepo, mphamvu zitayamba kale kutsika. Eni matimu amadyera achinyamata masuku pamutu malamulo akuwalola, ndiye wosewera akapeza mwayi wake umodzi wokha wotchula mtengo, ochemerera timadabwa kuti bwanji akufuna zaka khumi.

Tsono a Angels anasaina akuona. Pujols anali pafupi kukwanitsa zaka 32, ndipo manambala ake anali poyera kwa aliyense: pa maulendo 1,000 aliwonse, anamenya bwino 357 mu 2008, 327 mu 2009, 312 mu 2010 ndi 299 mu 2011. Palibe akanakana kuti dzuwa linali litapendeka. Komabe mwini timuyo, Arte Moreno, amene anali atangopeza mgwirizano wa ndalama zambiri woonetsa magemu pa kanema, anafuna dzina lokoka anthu, ndipo kontrakitiyo anaikonza moti malipiro azikwera pamene munthu akukalamba, kuyambira madola 12 miliyoni mu 2012 mpaka 30 miliyoni mu 2021. M'masewerowa kontrakiti yotere imalipidwa yonse, wosewera avulale kapena alephere. Amene anaika siginecha yake pa pepala lotere anali ndi madokotala, owerengera ndalama ndi akatswiri a manambala pambali pake. Ngati panali kulakwitsa, kunachitikira mu ofesi.

Sindikufuna kunamizira kuti zaka za ku California zinali zabwino. Mu 2013 matenda a kuphazi anamusautsa moti anasewera magemu 99 okha, ndipo kuchokera pamenepo kuthamanga kwake kunali komvetsa chisoni. Otchinga a matimu ena ankaima patali kwambiri podziwa kuti ngakhale mpira autole mochedwa, adzamupezabe asanafike pa malo oyamba amene womenya amayenera kuthamangirako akamenya mpira. Ndinkamuona pa kanema akukoka miyendo, nkhope ili gwa chifukwa cha ululu, ndipo nthawi zina ndinkatembenuka kuti ndisaone. Ku Cardinals anamenya ma home run 445 m'zaka 11, pamene ku Angels anamenya 222 m'zaka pafupifupi khumi, ndipo timuyo inafika m'ndime ya chikho kamodzi kokha, mu 2014, n'kugonja magemu onse atatu kwa Kansas City Royals. Ndivomerezenso kuti akuluakulu a Cardinals anachita mwanzeru posapikisana pa mtengo. Chifukwa chotaya Pujols anapatsidwa mwayi wapadera wosankha wachinyamata, anatenga woponya Michael Wacha, ndipo mu 2013 mnyamata ameneyu anawathandiza kubwereranso ku World Series. Zonsezi n'zoona. Koma kunena kuti timu inachita bwino kukana mtengo n'kosiyana kwambiri ndi kunena kuti wosewera analakwa kuulandira, ndipo kusiyana kumeneku n'kumene ochemerera ambiri safuna kukumva.

Mu Juni 2019 Angels inabwera kudzasewera ku Busch Stadium, bwalo la Cardinals, ulendo woyamba wa Pujols kudzasewera kuno chichokereni. Ndinalipo Loweruka lake. Pujols atangonyamuka kupita kukamenya, bwalo lonse linaimirira, ndipo Yadier Molina, mnzake wakale amene ntchito yake inali kuwakha mipira kumbuyo kwa womenya, anachoka dala pamalo pake n'kukaima kutsogolo kuti masewero asayambe msanga, anthu aombe m'manja mpaka akhutire. Pambuyo pake Pujols anamenya home run motsutsana ndi timu yathu, ndipo anthu ovala zofiira za Cardinals anakuwa ngati wagoletsa ndi wawo, mpaka anatulukanso pamalo opumira osewera kudzawavulira chipewa. Mayi wina wachikulire amene anakhala pafupi nane ankapukuta misozi ndi kapepala kokulungira chakudya. Lolemba lotsatira jezi ija inali itabwerera kumbuyo kwa mpando, ndipo mwiniwake sananenepo kanthu.

Pa 6 Meyi 2021, kutatsala miyezi yochepa kuti kontrakiti ithe, a Angels anamuchotsa m'timu. Manambala ake anali otsika zedi, ndipo malo amene akanasewera anali ndi eni ake atsopano, Jared Walsh ndi Shohei Ohtani, choncho chifukwa chinalipo. Chimene sindinagwirizane nacho ndi kachitidwe kake, kuti munthu amene anamenya home run yake ya nambala 600 ndiponso kukwanitsa kumenya bwino maulendo 3,000 atavala jezi yawo achoke pakati pa sabata popanda ngakhale mwayi wotsanzika ochemerera. Ambiri ananena kuti zake zatha. Los Angeles Dodgers inamutenga patangopita masiku ochepa, n'kumamugwiritsa ntchito makamaka woponya akakhala wamanzere, ndipo anawapatsa ma home run 12.

Chaka chotsatira ndicho chimandipatsa mphamvu zolemba zonsezi. Mu 2022 ligi ya National inayamba kulola kuti timu ikhale ndi wosewera mmodzi amene ntchito yake n'kumenya kokha, osatchinga nawo m'bwalo, ndipo Cardinals inaitananso Pujols pa kontrakiti ya chaka chimodzi ya madola 2.5 miliyoni. Anali ndi zaka 42. Miyezi yoyamba zinkavuta, koma theka lachiwiri la sizoni anamenya ma home run 18, onse pamodzi n'kukwana 24. Galu wamkota sakandira pachabe: miyendo inali itatha, koma ankadziwa chimene woponya akuganiza, ndipo timu inamupatsa ntchito yolingana ndi thupi lake, kumupumitsa pamene anafunika kupuma. Pa 23 Sepitembala, m'bwalo la Dodgers, anamenya awiri usiku umodzi n'kufika pa 700, chiwerengero chimene anthu atatu okha anafikapo iye asanatero: Barry Bonds, Hank Aaron ndi Babe Ruth. Anapuma ali ndi 703. Munthu yemweyo amene ankatchedwa mtolo pa malipiro a 30 miliyoni anakhala dalitso pa 2.5 miliyoni, ndipo chimene chinasintha si khama lake ayi, koma mtengo ndi kagwiritsidwe ntchito, zinthu zimene amakonza ndi akuluakulu a timu.

Nkhani ya womenya wina wotchuka, Miguel Cabrera wa ku Venezuela, inayendanso chimodzimodzi. Detroit Tigers inamuwonjezera zaka zisanu ndi zitatu pa madola 248 miliyoni mu 2014, kontrakiti yake yakale isanathe n'komwe, ndipo mawondo atayamba kumukana, ochemerera ena anaiwala kuti palibe amene anakakamiza timuyo kuthamangira kusaina.

Za Soto, amene akumufanizira ndi Pujols aganizirenso. Iye analowa m'ligi ali ndi zaka 19 mu 2018, motero anafika pamsika ali ndi zaka 26, osati pafupifupi 32 ngati Pujols, ndipo a Mets akugula zaka zambiri za unyamata wake. Asanafike pamenepo anali atasinthanitsidwa kawiri popanda mawu ake: Washington Nationals inamutumiza ku San Diego Padres mu Ogasiti 2022 atakana madola 440 miliyoni, ndipo Padres inamutumiza ku New York Yankees mu Disembala 2023. Kontrakiti yake idzatha mu 2039, iye ali ndi zaka 40, ndipo sindikukayika kuti zaka zomalizirazo adzakhala akukoka miyendo monga anachitira Pujols. Mwini wa Mets, Steve Cohen, amadziwa kuwerengera ndalama kuposa tonsefe, ndipo zaka zimenezo anaziwerengera kale pamene ankasaina.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku St. Louis, Missouri