Kalata ya Abusa: Lekani Kugawana Makapisozi

Okondedwa abale ndi alongo mwa Khristu,

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse.

Akulu ampingo andiuza nkhani yomwe yandisowetsa tulo. M'makomo mwathu muli timapepala totsala ta mankhwala opha mabakiteriya monga amoxicillin, Septrin ndi Flagyl, ndipo mnansi akangodandaula mutu kapena m'mimba, timamutapira makapisozi awiri. Ena mukugula atatu pa kantemba popanda kalata ya dokotala. Mukuti ndi chifundo, koma ine mbusa wanu ndikuti lekani, chifukwa zimenezi zimachulukitsa mabakiteriya osamva mankhwala. "Anthu anga aonongeka chifukwa cha kusadziwa" (Hoseya 4:6).

Mvetsani chimene chimachitika m'thupi. Mabakiteriya oyambitsa matenda sakhala ofanana onse, ngakhale akhale a mtundu umodzi. Mukayamba mankhwala, ofooka amafa msanga ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu mumamva bwino. Mukalekera pomwepo, kapena mukamwa mlingo wochepa, olimba amatsala ndi malo onse. Mtundu wa E. coli, umene umakhala m'matumbo ndipo umayambitsa matenda a chikhodzodzo, umatha kudzigawa pawiri pa mphindi 20 zokha zinthu zikauyendera. Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amapatsirana tizidutswa ta DNA (malangizo a chibadwa chawo) tonyamula mphamvu yokana mankhwala, ngakhale pakati pa mitundu yosiyana. Chimene kachilombo kena kaphunzira m'mimba mwanu, mawa chili mwa kena m'mimba mwa mwana wa mnansi.

Njira yake tonse tikuidziwa. Mvula ikagwa ku Kanyama, Chawama ndi George, zimbudzi zokumba zimasefukira ndipo madzi ake amalowa m'zitsime zosazama. Sitinaiwale kolera ya 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la National Heroes linasanduka chipatala. Mabakiteriya osamva mankhwala amayenda njira yomweyo: chimbudzi, madzi, manja, mbale. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo amayenda mwakachetechete, munthu n'kumawanyamula ali bwinobwino. Kafukufuku wamkulu anapeza kuti mu 2019 anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse lapansi anafa chifukwa cha mabakiteriya otere. "Chingakhale chiwalo chimodzi chimva chowawa, ziwalo zonse zimva pamodzi" (1 Akorinto 12:26).

Tsono mverani. Chimfine chimabwera ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sachita kanthu kwa vairasi. Mukungophunzitsa mabakiteriya a m'matumbo mwanu kulimba. Kutsegula m'mimba kwambiri kumafuna ORS (mchere ndi shuga wobwezera madzi m'thupi), paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino, ndi kuthamangira ku kiliniki, osati Flagyl wa mnansi. Akakulemberani kuti katatu pa tsiku, ndiye kuti maola 8 alionse: 06, 14 ndi 22 koloko, mpaka masiku onse amene anakuuzani atakwana. Mankhwala a ana osungunula ndi madzi ayezedwe ndi kasupuni kapena kasirinji kake, osati supuni ya tiyi, ndipo akasungunulidwa sasungika milungu yoposa iwiri. Botolo la mwezi watha silimuchiritsa mng'ono wake. Mukamwa bwino koma masiku atatu apita osasintha, bwererani. Musawonjezere mtundu wina mwa nokha. Madokotala angatumize mkodzo kapena magazi ku labu kuti aone mankhwala amene kachilomboko kakumvabe.

Inu amene muli pa mankhwala a TB, miyezi 6 ndi miyezi 6. Wolekeza panjira amaitana TB yosamva mankhwala, ndipo woyamba kuipuma ndi amene amagona naye chipinda chimodzi.

Oweta nkhuku kuseri kwa nyumba, nanunso ndili nanu. Kuthira mankhwala opha mabakiteriya monga oxytetracycline m'madzi a anapiye tsiku ndi tsiku asakudwala ndi kulera mabakiteriya olimba, ndipo zitosi zomwezo mumathira m'dimba la repu. Werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanagulitse nkhuku kapena mazira, ndipo muwasunge masikuwo ngakhale ogula akugogoda. Kugulitsa nkhuku yomwe inamwa mankhwala dzulo osamuuza wogula ndi chinyengo, ndipo Mkhristu sachita zimenezo.

Ndikudziwa kuti mzere wa ku kiliniki ndi wautali ndipo ndalama ndi yovuta. Amene walephera kugula mankhwala onse amene anamulembera aonane ndi dikoni wa dera lake. Kuli bwino mpingo uthandize kusiyana n'kuti mugule theka. Pogula, pitani ku famase yokhala ndi chilolezo cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala.

Lamulungu likudzali, banja lililonse libweretse mankhwala onse otsala ndi otha nthawi. Musawataye m'chimbudzi kapena m'ngalande. Anamwino a mumpingo mwathu adzakhala ndi bokosi pakhomo la vesitili ndipo adzawapereka ku kiliniki. Tikupemphanso K20 pa banja kuti tigule zidebe zinayi za mpopi, sopo ndi klorini, komanso kukonza chimbudzi cha ana a Sande sukulu mvula isanayambe. Perekani kwa msungichuma, mulandire lisiti. Amayi a chigwirizano atsale pang'ono mapemphero akatha kuti tigawane masiku otunga madzi.

Chisomo cha Ambuye Yesu chikhale ndi inu nonse.

Ine mbusa wanu,
Lusaka