Kalata kwa makasitomala athu: zasintha pankhani ya mowa pa ulendo wa Songkran ku Thailand

Okondedwa makasitomala athu,

Tikupereka moni kwa nonse amene mwalembetsa ulendo wa ku Thailand wa mwezi wa Epulo, komanso kwa inu amene mukuganizabe. Kuyambira ulendo uno, mowa tauchotsa pa ndalama imene mumalipira. M'galimoto iliyonse imene tabwereka simukhalanso cooler box ya mowa, ndipo sitibwerekeranso aliyense njinga yamoto. Kuchoka ku Bangkok kupita ku Chiang Mai tikwera ndege m'malo mwa minibasi. Kumwa sitikukuletsani ayi. Chimene tasintha ndi malo omwera ndi nthawi yake.

Ena mwa inu mwatifunsa ngati nzoona kuti boma la Thailand laletsa kugulitsa mowa pa Songkran. Si zoona. Chikondwererochi, chomwe ndi chaka chatsopano cha anthu a ku Thailand ndipo chimachitika pa 13 mpaka 15 Epulo, pomwe anthu amathirana madzi m'misewu, sichili m'gulu la masiku oletsa mowa. Masiku oletsawo ndi 5 a chipembedzo cha Chibuda: Makha Bucha, Visakha Bucha, Asalha Bucha, Khao Phansa ndi Ok Phansa. Amenewa amatsata mwezi wakumwamba, choncho madeti ake amasuntha chaka ndi chaka, ndipo mu 2025 boma linafewetsako lamuloli polola mahotela, mabwalo a ndege ndi malo ena azisangalalo kugulitsa. Palinso chiletso cha pa chisankho, choyamba 6 koloko madzulo a tsiku loti mawa lake anthu akavote.

Mphekeserayi ili ndi pochokera. Mkangano woti mowa uletsedwe pa Songkran ndi wakale, ndipo umabukanso nthawi iliyonse chikondwererochi chikayandikira. Mu 2009 unduna wa zaumoyo unapereka ganizo limeneli, koma komiti ya boma yoona za mowa inakana poopa kuti alendo athawa. Ofuna chiletso amaloza kumsewu. Pa Songkran anthu mamiliyoni amachoka m'mizinda kupita kumudzi kukaona makolo, ndipo boma limawerenga ngozi kwa masiku 7 amene amatchedwa masiku oopsa. Pafupifupi chaka chilichonse ofa pamsewu m'masiku amenewa amaposa 200, ndipo mu 2016 anafika 442. Zimene zimatsogola pa zifukwa zake ndi liwiro ndi kuledzera, ndipo ngozi zambiri ndi za njinga zamoto.

Otsutsa nawonso ali ndi mfundo. Misewu ya ku Thailand imapha anthu chaka chonse. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2021 anafa anthu pafupifupi 18,000, kutanthauza pafupifupi 50 pa tsiku, ndiye iwo amati vuto ndi kayendetsedwe ka galimoto, osati masiku atatuwo. Amatinso chiletso cha masiku odziwika amachizemba mosavuta: munthu agula makatoni pa 12 Epulo n'kusunga kunyumba, ndipo woluza ndi mwini resitilanti, pomwe wogulitsa lao khao, kachasu wa kumeneko, akupitiriza mwakachetechete kuseri kwa nyumba. Amene mukukumbukira nkhani ya masacheti kwathu kuno mukudziwa mmene mowa unangosamukira m'timabotolo.

Ife tikuona kuti mbali zonse zikugwirizana pa chinthu chimodzi ngakhale sizinena mokweza: choopsa ndi pamene mowa wakumana ndi msewu. Pamenepo ndiye pali kale malamulo, ndipo pa Songkran apolisi amawatsata mwamphamvu, ali ndi marodibuloko usana ndi usiku.

Lamulo limene latikakamiza kwambiri ndi lokhudza kumwa m'galimoto. Ku Thailand nkoletsedwa kumwa mowa m'galimoto imene ili pamsewu, kaya ndinu dalaivala kaya mwangokwera, ndipo kumbuyo kwa pikapu nakonso ndi m'galimoto. Chilango chake chimafika miyezi 6 m'ndende, kapena chindapusa cha 10,000 baht (ndalama za kumeneko), kapena zonse ziwiri. Ndiye mwambo wodzazana kumbuyo kwa pikapu ngati matola, mgolo wa madzi pakati ndi mowa pambali, ndi mlandu ngakhale dalaivala asanalaweko. Muona eni dziko ena akuchita zimenezi. Musatengere, chifukwa mlendo akagwidwa nkhani yake imatalika: kupolisi, womasulira, mwina kukhoti, ndege n'kumusiya.

Mowa sagulitsa ndipo samwera pa kachisi, pa malo omwetsera mafuta galimoto, m'mapaki a boma ndi m'sitima yapamtunda. Wosakwana zaka 20 samugulitsa, ndiye makolo amene mukubwera ndi ana a zaka 18 kapena 19 muwauziretu. M'masitolo monga 7-Eleven makina olipirira amakana okha ikakwana 12 koloko usiku mpaka 11 koloko m'mawa, ndipo kumuchonderera wogulitsa nkutaya nthawi. Chiletso cha masana, cha 2 koloko mpaka 5 koloko, chomwe chinayamba mu 1972, boma linachiimitsa mu Disembala 2025 kwa masiku 180 pofuna kuyesa. Kupatula apo, akuluakulu a mizinda amatha kulengeza misewu ina yothirana madzi kukhala yopanda mowa, ndipo pamakhala chipata pomwe amasecha zikwama. Wotsogolera gulu azikuuzani m'mawa uliwonse misewu imene yatsekedwa motero.

Tsopano za njinga yamoto, zomwe tikudziwa kuti zikhumudwitsa achinyamata. Mlingo wa mowa wololedwa kwa woyendetsa ndi mamiligalamu 50 pa mamililita 100 a magazi, ndipo umatsika kufika pa 20 kwa wosakwana zaka 20 kapena wopanda laisensi yoyenera. Botolo lalikulu la Chang, Leo kapena Singha ndi la mamililita 620, pafupifupi mabotolo awiri a Green wa kwathu, ndipo limodzi lokha likhoza kufikitsa munthu wa thupi laling'ono pamlingowo. Choopsa kuposa apo ndi kandowa ka mowa kotchuka ku Khao San Road, msewu wa alendo ku Bangkok: nthawi zambiri amathiramo kabotolo konse ka mamililita 300 ka SangSom, mowa wamphamvu ya 40 peresenti, n'kusakaniza ndi zakumwa zotsekemera ndi ayisi. Kamakoma ngati sobo, koma mowa wake ndi wofanana ndi mabotolo aakulu pafupifupi 4. Thupi limachotsa mamiligalamu pafupifupi 15 pa ola, choncho amene anagona ali pa 150 pakati pa usiku amadzuka 6 koloko akadali pamwamba pa mlingo, ngakhale atasamba ndi kumwa khofi. Wogwidwa koyamba amalipira 5,000 mpaka 20,000 baht kapena kukhala m'ndende mpaka chaka, ndipo wokana kupumira m'kachipangizo ka apolisi amatengedwa ngati waledzera.

Ngakhale wosamwa, msewu wa Songkran si wophunzirirapo. Kuyenda kumanzere ngati kwathu kusakupusitseni. Phula limakhala lonyowa tsiku lonse ndiponso loterera ndi ufa woyera wa din so pong umene anthu amapakana kumaso, ndipo ana amaima m'mbali mwa msewu n'kukhuthulira woyendetsa ndowa ya madzi a ayisi kumaso. Munthu amatsinzina kamphindi, n'kugwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, tayala n'kutsetsereka. Inshuwalansi ya ulendo imene timakugulirani silipira ngozi ya munthu woledzera kapena woyendetsa njinga yamoto opanda laisensi ya njinga yamoto, ndipo laisensi ya galimoto siwerengedwa. Zipatala zomwe si za boma zimafuna umboni wa inshuwalansi kapena ndalama yachikole. Obwereketsa njinga ambiri amafunanso kusunga pasipoti yanu, zomwe tikukupemphani kuti musalole kwa wina aliyense.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Epulo ndi mwezi wotentha kwambiri kumeneko, kutentha kumafika madigiri 40. Zovala zikanyowa simumva kuti mukutuluka thukuta, ndiye mowa pa dzuwa limenelo umaumitsa thupi msanga, munthu n'kuyamba chizungulire pakati pa chinamtindi cha anthu. N'chifukwa chake m'malo mwa mowa aliyense azilandira malita atatu a madzi a m'botolo pa tsiku ndi timapaketi ta thanzi ORS.

Ulendo uyenda motere. Tifika ku Bangkok pa 10 Epulo kudzera ku Addis Ababa. Pa 11 ndi tsiku logula katundu ku msika wa Pratunam, ndipo a bizinesi mumalizire zonse tsiku limeneli, chifukwa masitolo ang'onoang'ono ambiri amatseka antchito akapita kumudzi. Pa 12 tikwera ndege ya ku Chiang Mai, ulendo wa ola limodzi ndi mphindi zochepa m'malo mwa makilomita pafupifupi 700 a pamsewu pa tsiku limene dziko lonse lili pa ulendo. Hotela tasankha yoyandikira Tha Phae Gate, chipata cha mzinda wakale, kuti kulikonse tizipita wapansi. Pa 13 tikaonerera mdipiti wa fano la Phra Buddha Sihing lochokera ku kachisi wa Wat Phra Singh, pomwe anthu amalithira madzi onunkhira mwaulemu. Kumeneko valani zophimba mapewa ndi mawondo, ndipo amonke, makanda ndi okalamba sathiridwa madzi. Pa 14 ndi tsiku la mfuti zamadzi m'mbali mwa ngalande yozungulira mzinda wakale. Madzi a m'ngalandemo ndi akuda, musameze, ndipo tikupatsani magalasi otchinga maso ndi kachikwama kosalowa madzi koikamo foni. Pa 15 tikaona mwambo wa rot nam dam hua, pomwe achinyamata amathira madzi m'manja mwa akuluakulu popempha madalitso. Mbali imeneyi ya banja ndi ulemu ndi imene UNESCO inayamikira polemba Songkran pa mndandanda wa miyambo ya dziko lonse mu Disembala 2023.

Wofuna kumwa amwe madzulo, atasintha zovala, ku hotela kapena ku resitilanti yapafupi, n'kulipira yekha. Pobwerera yendani wapansi awiriawiri, kapena kwerani Grab, takisi yoitanitsa pa foni, kapena tigalimoto tofiira ta songthaew, koma botolo lotsegula lisiyeni patebulo, chifukwa nazonso ndi galimoto. Sungani manambala awa m'foni: 1669 ya ambulansi ndi 1155 ya apolisi othandiza alendo, omwe amalankhula Chingelezi.

Pankhani ya ndalama, zimene munalipira za mowa, minibasi ndi njinga yamoto tazichotsa, ndipo taikapo tikiti ya ndege yapakati ndi katundu wa makilogalamu 20. Invoisi yatsopano ikufikani pasanathe masiku 7, ikuonetsa chilichonse pachokha. Amene ndalama yanu yatsala tikubwezerani momwe munalipirira. Ngati kusinthaku sikukukomerani, tiuzeni mwezi wa Febuluwale usanathe ndipo tibweza dipoziti yonse, kupatula tikiti ya ndege ngati tinadula kale m'dzina lanu, popeza imeneyo imatsata malamulo a kampani ya ndege. Mafunso bweretsani ku ofesi kapena pa WhatsApp ya gulu, ndipo tikumana nonse Loweruka lomaliza la Malichi kuti tione mapasipoti ndi mapepala a inshuwalansi.

Ndife anu,
Ogwira ntchito ku ofesi yokonza maulendo