Galu sadya mendulo

Akonzi,

Nkhani yotamanda agalu a kunkhondo yomwe munatulutsa sabata yatha yandikwiyitsa zedi. Theka la tsamba mwaliwononga ndi chithunzi cha Patron, kagalu ka ku Ukraine kamene mtsogoleri wa dzikolo a Zelensky anakaveka mendulo mu 2022 chifukwa chonunkhiza mabomba okwiriridwa. Pansi pake mwaika Conan, galu wa asilikali a America uja anaitanidwa ku White House mu 2019 atathamangitsa mtsogoleri wa zigawenga za ISIS, al-Baghdadi, m'njira yapansi pa nthaka ku Syria. Zokongola ndithu. Koma kodi galu amadya mendulo?

Za nkhondo ya ku Vietnam mlembi wanuyo sanatchuleko n'kamodzi komwe. Asilikali a America anapitako ndi agalu pafupifupi 4,000. Ankatsogola ndi iwowo m'nkhalango, mphuno pansi, n'kuima njii akamva fungo la mdani wobisala kapena waya wa msampha wa bomba, munthu asanaone kalikonse. Amene anabwerera kwawo anali pafupifupi 200 okha. Ena anafa ndi zipolopolo ndi matenda, inde, koma ochuluka boma linawawerengera pamodzi ndi katundu wotsala wa nkhondo. Ena anawabaya jekeseni yakupha, ena anawasiyira asilikali a South Vietnam. Msilikali amene ankagona dzenje limodzi ndi galu wake, kumwera naye madzi botolo limodzi, anauzidwa kuti apereke chingwe akwere ndege. Izi sindikupeka. Nyumba ya malamulo ya ku America komweko inachita manyazi, ndipo mu 2000 mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo a Bill Clinton anasainira lamulo la Robby's Law lolola kuti galu wopuma pantchito atengedwe ndi anthu m'malo mophedwa. Panatenga zaka 25 nkhondo itatha!

Nanga agalu a Soviet Union pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, omwe ankawazolowetsa kufuna chakudya kunsi kwa akasinja kenaka n'kuwamangirira bomba kumsana? Amenewo mendulo yawo munaiika tsamba liti?

Vuto ndi lakuti atolankhani ambiri masiku ano akungotola zithunzi zosangalatsa pa intaneti n'kuikapo mawu awiri atatu, basi nkhani yatha. Za nkhondo mukuzilemba ngati za mpira, wagoletsa ndani, wapata chikho ndani.

Lembani ina. Funsani dokotala wa ziweto zomwe phokoso la mabomba limachita m'makutu ndi m'mutu mwa galu, ndipo mutiuze komwe agaluwa amathera akakalamba.

Wowerenga wokhumudwa