Mbumba ikufuna ndilowe ufumu, koma mpingo ukuti undidula

Agogo,

Ndine mayi wa zaka 48, Mchewa wa kwa Banda, ndipo ndimakhala m'dera la Mfumu Yaikulu Khombedza kuno ku Salima. Ndalembera inu chifukwa nkhani imene yandigwerayi sindingapite nayo kwa abusa anga kapena kwa abale anga, popeza onsewa aliyense waima kale mbali yake. Dzina la mudzi ndi la mpingo sinditchula, pakuti cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi.

Atsibweni anga, amene anali nyakwawa ya mudzi wathu, anatisiya chaka chatha. Monga mudziwa, kwathu kuno ufumu umatsata kuchikazi, ndipo amene amakhala pansi kusankha wolowa dzina ndi ntchembere za mbumba. Ntchemberezo zagwirizana kuti ndilowe ineyo. Mlongo wanga wamkulu anatchona ku Johannesburg, ndipo wamng'onoyo samukhulupirira pa nkhani za minda, makamaka masiku ano pamene anthu andalama ochokera ku Lilongwe akungoyendayenda m'midzi kufunafuna malo ogula.

Vuto ndi lakuti mudzi wathu uli ndi mzinda, kutanthauza kuti uli ndi chilolezo chokhala ndi gule wamkulu. Polonga ufumu gule amatuluka, ndipo mfumu ndiyo imaloleza kuti avinidwe pa maliro, pa ziliza ndi pa chinamwali. Akulu a mpingo atamva, anandiitana nandiuza mosabisa kuti tsiku limene ndidzakhale pampandopo ndidzadulidwa, ndidzasiya kudya Mgonero ndiponso ndidzavula yunifolomu ya bungwe la amayi. Ine ndinabatizidwa ndili wakhanda, ukwati wanga unadalitsidwa m'tchalitchi momwemo, ndipo ndine mmodzi wa alangizi amene timalangiza atsikana akatha msinkhu. Kundichotsa pamenepo ndiye kuti ndatsala wopanda kolowera.

Amishoni sindiwanyoza. Atafika ku Mvera mu 1889, ndi ena ku Nkhotakota mu 1894, anatsegula sukulu ndi zipatala, ndipo pofika mu 1922 Buku Lopatulika lonse linali litatuluka m'chinenero chathu. Agogo anga aakazi anadziwa kuwerenga chifukwa cha sukulu ya mishoni. Komabe amishoniwo sanapeze mayi wa Chichewa ali chabe pamtondo. Ku Msinja amene ankatsogolera mtundu wonse popempha mvula anali Makewana, munthu wamkazi. Anamkungwi ankalemekezedwa ngakhale ndi mafumu, minda ndi ana zinali za mbumba, ndipo mkamwini ankadziwa malire ake. Chinamwali chitaletsedwa mu mpingo, m'malo mwake munalowa chilangizo, chimene ife amayi timachiyendetsa koma malamulo ake amakhazikitsidwa pa misonkhano imene mawu otsiriza amakhala a abambo. Mmene ndikuonera ine, tinalandira buku ndi cholembera, koma mawu amene tinali nawo pabwalo sanatitsate m'tchalitchi.

Lero mukalowa m'tchalitchi mwathu Lamulungu mudzapeza kuti mbali ya amayi ndiyo yodzaza. Kusesa ndi ife, kuphika pa misonkhano ndi ife, kuyendera odwala ndi kuchezera usiku wonse pa maliro tikuimba ndi ife, ndipo nthawi ya masika madengu ambiri a chimanga ndi mpunga amabwera pamitu pathu. Koma paguwa sitikwerapo, ngakhale kuti masinodi a Livingstonia ndi Blantyre anayamba kudzoza abusa aakazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Zimenezi ndakhala ndikuzipirira osadandaula, poganiza kuti nthawi yake idzakwana.

Chimene chandipweteka tsopano ndi tsankho. Ndikudziwa mafumu aamuna a m'midzi ya mizinda amene anasiyira wachibale zonse za kudambwe, iwo n'kumangoweruza milandu, ndipo mpingo sunawadule. Ena mwezi wa Ogasiti amapita ku Mkaika m'dziko la Zambia ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, kumene gule amavinidwa tsiku lonse, koma akabwerako amakhala pa mipando yakutsogolo. Nditapempha kuti nanenso andilole kusiyira wachibale za kudambwe, nkhani inasintha. Za gule zinatha, m'malo mwake ananditsegulira 1 Timoteo 2:12, akuti mkazi asalamulire mwamuna. Ndinawakumbutsa modzichepetsa za Debora wa pa Oweruza 4, amene ankaweruza Aisraele onse ali mkazi wa mwini, koma anandiyankha kuti ndayamba mwano.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo zonse za gule. Zilombo zothamangitsa ana popita kusukulu ndiponso nyimbo zotukwana amayi zimandinyansa, ndipo ndikanakhala mfumu zimenezi ndikanayamba kuthana nazo. Ntchembere nazo zili ndi mtima wawo wouma, chifukwa zina zikunena kuti Chikhristu chinandiiwalitsa mtundu, ndipo ndikakana dzinali lidzapita ku bere lina, ana anga ndi adzukulu anga osadzalionanso. Bambo a kunyumba, amene kwawo ndi ku Rumphi komwe ufumu umatsata kuchimuna, sakundiletsa, koma ndi mkulu wa mpingo ndipo akuopa kuti anzawo adzati alephera kulamula banja.

Ndithandizeni, Agogo. Kodi ndi zoona kuti mayi sangakhale mfumu ya Achewa n'kukhalabe Mkhristu wa Mgonero? Kodi ndikadandaule ku bwalo lalikulu la mpingo, ngakhale kuti kutero kungandidanitse ndi abusa amene ndimawalemekeza, kapena ndipemphe a Gulupu kuti akumanitse ntchembere ndi akulu a mpingo kuti agwirizane zoti mzinda auyang'anire wina? Anzanga ena akuti ndingolowa mpingo wina umene sufunsa zimenezi, koma mtima wanga sukulola kusiya kumene anabatizidwira ana anga. Mbumba yandiuza kuti ikufuna yankho tikangomaliza kukolola, kuti mwambo wolonga uchitike mvula isanagwe.

Ine mdzukulu wanu wothedwa nzeru,
Salima