Kalata kwa mwana wanga ali ku Manila

Mwana wanga,

Uthenga wako uja ndauwerenga katatu. Chithunzi ndachiona, diresi lakukhala, ndipo nkhope yako kamera ikuikonda, sindingakane. Koma nkhani yoti wayamba kuoneka m'masewero a pa TV ndinayamba kuimva kwa azakhali ako, iwe wabwera nayo pambuyo utaikometsa kale. Zimenezo ndikhoza kukukhululukira. Chomwe chandilanda tulo ndi mzere umodzi umene unaulemba mongodutsa, woti ndalama za masiku atatu amene wajambula zinalowa m'foni ya mnzako uja, chifukwa iye ndiye amadziwana ndi anthu. Wagwira ntchito ndiwe, wadzuka usiku ndiwe, ndalama zili kwa wina. Ndipo ukuona ngati palibe cholakwika.

Wanditumizira mbiri ya Nora Aunor, katswiri wa nyimbo ndi mafilimu wa ku Philippines kumeneko, kuti unditseke pakamwa. Chabwino, tiyeni tiikambe, koma tiikambe yonse, osati poyambira pokhapo pamene pakukusangalatsa.

Zoona, anabadwira mu umphawi, ku Iriga m'chigawo cha Camarines Sur, pa 21 May 1953, dzina lake lenileni Nora Cabaltera Villamayor. Zoona, ali mwana ankagulitsa madzi akumwa pa siteshoni ya sitima. Mu 1967, ali ndi zaka 14, anapambana mpikisano wa oimba wotchedwa Tawag ng Tanghalan, ndipo dziko lonse linamumva. Anali wamfupi, wa khungu lakuda, pa nthawi imene akatswiri a mafilimu kumeneko ankasankhidwa oyera, aatali, a magazi osakanikirana ndi achizungu. Anthu wamba, antchito a m'nyumba, ogulitsa m'misika, anadziona okha mwa iye. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene pakukugwira mtima, iwe mtsikana wakuda pakati pa anthu amene mafuta oyeretsa khungu amawatsatsa pa zikwangwani zazikulu. Sindikukuseka. Pulogalamu yake ya pa TV yotchedwa Superstar inayenda zaka 22, mpaka 1989. Luso analidi nalo, ndipo palibe amene anamupatsa ngati mphatso.

Koma taona chimene anachita atangoyamba kugwira ndalama. Sanakhutire ndi kulembedwa ganyu. Anatsegula kampani yake, NV Productions, n'kumapanga mafilimu ake. Mu 1976, ali ndi zaka 23, anatulutsa Tatlong Taong Walang Diyos, filimu ya nthawi ya nkhondo imene asilikali a ku Japan analanda dzikolo. Mu 1980 anapanga filimu ya Bona ndi wotsogolera mafilimu Lino Brocka, ndipo chaka chotsatira inakaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes, ku France. Zaka zoposa 40 pambuyo pake, mu 2024, anthu anaikonzanso bwinobwino n'kuionetsanso ku Cannes komweko, dzina lake lili pamenepo ngati mwini filimu. Iwe dzina lako lili pati? Pa pepala liti?

Ndipo popeza umamukonda chotere, Bona ameneyo ukamuonere. Ndi nkhani ya mtsikana amene anatengeka ndi kamnyamata kena kosewera timbali ting'onoting'ono m'mafilimu. Anachoka kwawo n'kukakhala kwa mnyamatayo, kumuphikira, kumuchapira, kumutungira madzi, kumuwiritsira osamba, iye akubweretsa akazi ena m'nyumba momwemo. Pomaliza mnyamata uja akumuuza kuti akuchoka, iye adzionere yekha. Madzi owira aja anathera pathupi pa mnyamatayo. Sindikuti mnzakoyo ndi woipa choncho, sindinamuonepo. Ndikungoti m'ntchito imeneyi mumadzaza anthu amene amadya thukuta la anzawo akumwetulira, ndipo Nora ankawadziwa mpaka anawapangira filimu ndi ndalama zake.

Ukukumbukira zitumbuwa zija? Unali mu Sitandade 4. Unachoka ndi beseni lodzaza, unabwera nalo lopanda kanthu, m'kansalu mulibe ndi tambala yomwe. Ndikufunsa, iwe ukuti onse anena kuti apereka mawa. Unalira osati chifukwa cha ndalama, koma chifukwa ndinanena kuti anzako akupusitsa. Mtima umenewo sunasinthe. Ndi mtima wabwino, ndimaunyadira, koma kumeneko kulibe ine woti ndikayende khomo ndi khomo kukatolera ngongole zako.

Tsono mvera, ndipo izi uzichite sabata ino.

Choyamba ndi viza. Iwe unalowa ndi viza ya sukulu, ija amaitcha 9(f). Imeneyo ndi yophunzirira, si yogwirira ntchito yolipidwa. Mlendo wogwira ntchito m'dzikomo amafunika chilolezo: pa ntchito yokhalitsa pali Alien Employment Permit yochokera ku unduna wa zantchito, DOLE, ndipo pa ntchito ya miyezi yochepa pali Special Work Permit ya ku Bureau of Immigration. Upite wekha, ndi pasipoti yako m'manja, ukafunse chimene chikuyenera munthu wa viza ngati yako, ndipo ukadziwitsenso ofesi ya ophunzira akunja pa sukulu pako. Usatume munthu. Pasipoti usapatse wina aliyense kuti akusungire kapena akukonzere mapepala, ngakhale atalumbira. Ukudziwa chifukwa chake ndalama zikudzera kwa mnzako? Mwina n'chifukwa choti pa mapepala iwe kulibe. Munthu amene kulibe sangadandaule akabedwa, chifukwa akangotsegula pakamwa amayamba kufunsidwa ndi iyeyo kuti ankagwira ntchito ndi chilolezo chanji. Tsiku limene mudzayambane, chimenechi ndicho chikwapu chimene adzakukwapule nacho. Ndipo nkhope yako ikuoneka pa TV, mwanawe, si ntchito yobisika.

Chachiwiri ndi kontirakiti. Dzikolo lili ndi lamulo, Republic Act 11996, limene anthu amangoti Eddie Garcia Law, losainidwa mu May 2024. Eddie Garcia anali nkhalamba ya zaka 90, katswiri wolemekezeka, amene anapunthwa pa chingwe akujambula sewero ku Tondo, mu Manila momwemo, mu June 2019, n'kuthyoka khosi, n'kumwalira patapita masiku. Ngati munthu wamkulu chotero anagwa pa chingwe, iwe amene ukuima kumbuyo ngati wodutsa m'njira ndani angakulabadire? Lamuloli likuti wantchito wa m'mafilimu ndi pa TV akhale ndi mgwirizano wolembedwa, m'chilankhulo chimene akumva. Maola ndi 8 pa tsiku, akhoza kuwonjezedwa mpaka 14 osapitirira, ndipo pa sabata asapose 60. Ukandiuza kuti munayamba 5 koloko m'mawa n'kuweruka m'bandakucha wa tsiku linalo, werengera wekha. Pepalalo likhale ndi dzina lako monga lilili mu pasipoti, ndalama ya tsiku limodzi, tsiku lolipira, ndi zimene zichitike ngati akuitana n'kukubweza usanajambule. Likhale m'Chingerezi. Akakupatsa la m'Chitagalogi chokha, usasaine mpaka alimasulire. Safunsa anadya phula.

Ngati mnzakoyo akufuna kukhala manijala wako, palibe choletsa, mamanijala alipo ndipo ena amathandizadi. Koma naye mulemberane. Gawo lake likhale peresenti yodziwika, kaya 10 kaya 20, zimene mugwirizane, ndipo ichotsedwe pa ntchito imene iye wakupezera yokha. Ndalama ziyambe zalowa kwa iwe, ku akaunti ya kubanki kapena ya pafoni ija ya GCash, ya m'dzina lako, iweyo ndiye um'patse gawo lake. Osati iye alandire zonse n'kumakugawira ngati mwana wopempha ya sopo. Mgwirizanowo ukhale wa miyezi yowerengeka, usakhale wa zaka, ndipo mulembe mmene mungasiyanirane. Ndipo um'funse funso limodzi: kodi opanga sewerowo analipira zingati? Osati iwe upatsidwa zingati, koma iwo anatulutsa zingati. Akayamba kuzungulira, kapena akakwiya kuti sukumukhulupirira, wayankha kale.

Msonkho nawonso. Olipira akadula msonkho pa ndalama yako, pali chikalata cha ku BIR, bungwe lotolera msonkho, chosonyeza kuti adula zingati, ambiri amachidziwa ndi nambala yake, 2307. Uchipemphe. Munthu akakuuza kuti “tadula msonkho” koma pepala palibe, msonkhowo wapita m'thumba mwake. Gula kakope, ulembe tsiku, malo, ola lofika, ola lochoka, ndalama yolonjezedwa, ndalama yolandira. Atate ako amaseka kakope kanga ka kugolosale, koma sikanandinamizepo.

Ndibwerere kwa Nora, chifukwa pali mbali ziwiri zimene sunanditumizire.

Mu March 2005 anamugwira pa bwalo la ndege ku Los Angeles atapezeka ndi mankhwala ozunguza bongo aja kumeneko amati shabu, m'chikwama. Mlanduwo unathetsedwa mu 2007 atamaliza pulogalamu imene khoti linamulamula. Koma fungo lake silinachoke. Mu 2014 mabungwe a zaluso anamusankha kuti alandire ulemu waukulu wa National Artist, ndipo Pulezidenti Benigno Aquino III anachotsa dzina lake, n'kutchula nkhani ya mankhwalayo. Anadikira mpaka 2022. Mayi amene anasewera Elsa mu filimu ya Himala mu 1982, amene anapambana ku Cairo mu 1995 ndi filimu ya Flor Contemplacion, wantchito wa m'nyumba uja ananyongedwa ku Singapore, anadikira zaka 8 chifukwa cha kaphukusi kochepa kuposa bokosi la machesi. Iye anali ndi maloya ndi khamu la omukonda. Iwe uli ndi ine ndi atate ako, kutali kuno. Ku Philippines lamulo la mankhwala, Republic Act 9165, limapereka zaka 12 mpaka 20 kwa wopezeka ndi shabu wosakwana magalamu 5. Anthu ojambula usiku wonse amapatsana tinthu toti tulo tisabwere. Usalandire. Chikwama cha munthu usanyamule, ngakhale kuchokera pa galimoto kufika pakhomo.

Ina ndi ya mawu. Mu 2010 anapita ku Japan kukachitidwa opaleshoni yokongoletsa nkhope. Zinthu zinalakwika, anabooledwa pakhosi kuti apume, ndipo mawu oimbira aja, amene anamuchotsa pa siteshoni ya sitima, anatha. Anapitiriza kusewera, ndipo mu 2012 filimu yake Thy Womb inakafika ku chionetsero cha mafilimu cha ku Venice, koma kuimba monga kale ayi. Ndikunena izi chifukwa tsiku lina wina adzakuuza kuti mphuno yako ikufunika kukonza pang'ono, kapena kuti khungu likanawala pang'ono ntchito zikanachuluka, ndipo adzati ndi zaulere bola uwatsatsire malonda. Za jakisoni woyeretsa khungu, za mpeni pankhope, yankho ndi ayi, ndipo m'kontirakiti muli mawu okhudza thupi lako uwawerenge kawiri. Unayamba n'kunditamandira Nora kuti anapambana ali wakuda. Gwira pomwepo.

Anamwalira pa 16 April 2025, ali ndi zaka 71, ndipo boma linamuika ku Libingan ng mga Bayani, manda a ngwazi. Ulemu anaupeza. Koma anthu amene ankamudziwa amanenanso za dzanja lake lopatsa, loti wopempha sabwerera chimanjamanja, ndipo n'chifukwa chake ndikamva mbiri yake ndimaona beseni la zitumbuwa lija. Iye ndalama zikapita ankapanga zina, chifukwa anali Nora Aunor. Mwa atsikana onse amene anayamba naye, ndi angati amene ukuwadziwa mayina? Kumeneko kuli mpaka bungwe lothandiza antchito a m'mafilimu akadwala kapena akamwalira, Mowelfund, lomwe wosewera mafilimu Joseph Estrada anayambitsa mu 1974. Silinayambike chifukwa choti anthu a ntchito imeneyi amakalamba olemera.

Sukulu usasiye. Izi sindikukambirana nawe. Kwatsala pang'ono, ndipo viza yakoyo yaima pa sukuluyo: ukasiya kulowa m'kalasi, chokusunga m'dzikomo chatha. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndinavomera ndekha kuti upite, ndipo sindikukuletsa kuyesa luso lako pa Loweruka mapepala akakhala bwino. Unkatisewerera pakhonde utamanga chitenje changa kumutu, kutsanzira agogo ako mpaka iwo omwe kugwa ndi phwete. Ndikudziwa chimene uli nacho. Koma ndalama, mwanawe, ndalama. Zilowe kwa iwe.

Atate ako sindinawauze za masiku atatu aja. Akudziwa zoti waoneka pa TV basi, ndipo auza kale mpingo wonse. Pofika Lamulungu unditumizire zinthu zitatu: chithunzi cha kontirakiti ngati ilipo, chithunzi cha tsamba la viza, ndi uthenga wosonyeza kuti ndalama zija zalowa m'dzina lako. Zikapanda kufika ndiwauza, ndipo ukuwadziwa mmene amayankhulira. Ndiimbire usiku wa kwanuko, kuno kumakhala kukadali masana, ndikhala ndili pakhomo.

Ndine,
Amayi ako