Lipoti la maphunziro a ntchito za kuseri kwa siteji ku Newtown, ku Joni

Wapampando, a komiti ndi nonse a gulu lathu la zisudzo, ndabwerako kumene munandituma kuja. Ndalemba lipotili kuti anzathu amene amagwira ntchito Loweruka nawonso amve, asadzangomva za m'maluwa.

Ndiyambe ndi ndalama poti ena ayamba kale kung'ung'udza. Malisiti a chakudya, makatoni ndi guluu ali kwa msungichuma, pamodzi ndi chenji. A takisi palibe, ndipo nonse mukudziwa kuti dalaivala wa pa renki ya Bree salemba lisiti.

Tsiku lotsegulira kunali malonje ndi zoyankhula za akuluakulu basi. Kunalinso phunziro la kalembedwe ka kalata yopempha thandizo. Mapepala ake ndili nawo, wofuna adzatenge.

Zenizeni zinayamba atatigawa, wophunzira aliyense ndi mlangizi wake. Ine anandipereka kwa mayi ena achikulire amene akhala akukonza masiteji kwa zaka zambiri. Sanandifunse n'komwe kuti ndinasewerapo chiyani. Anandipatsa katoni, mpeni ndi lula, amvekere, "Mwanawe, timangire siteji ya sewero lanu patebulo pano." Muyeso wake ndi 1:25, kutanthauza kuti sentimita imodzi pa katoni ndi masentimita 25 pa siteji yeniyeni. Munthu wamtali mamita 1.75 amasanduka kachidole ka masentimita 7. Ndinamanga bwalo la mfumu ndendende mmene timaliyalira mu holo ya tchalitchi ija. Nditamaliza anandiuza kuti ndigwade, diso lilingane ndi tebulo, ndiyang'ane kuchokera kumanzere kwenikweni ngati ndakhala pampando wakumapeto. Abale inu, khomo silimaoneka. Khoma la nyumba linabisa zonse. Mayiwo analikankha pang'ono ndi chala kuti lipendeke, khomo n'kuonekera. Ndiye kuti chiyambire seweroli, anthu onse okhala mbali imeneyo sanaionepo mfumu yathu ikulowa, amangodzidzimuka ili kale pakati. Ndipo analipira ndalama yofanana ndi ena onse.

Anatitengeranso ku Market Theatre kukaona mmene akatswiri amagwirira. Nyumbayi inamangidwa mu 1913 ngati msika wa zipatso, ndipo mu 1976 Barney Simon ndi Mannie Manim anaisandutsa malo a zisudzo, kumene akuda ndi azungu ankaonerera limodzi pa nthawi ya tsankho. Bwalo lalikulu pano limatchedwa dzina la katswiri wa zisudzo John Kani. Ndikutchula izi chifukwa cha aja amakonda kunena kuti sitingachite zooneka opanda holo yathuyathu. Anthuwa anayambira mumsika.

Kuseriko ndi kumene ndinasowa chonena. Onse avala zakuda, kagetsi kabuluu kakungonyezimira, palibe wokuwa. Pali munthu mmodzi, stage manager, amene amakhala ndi buku la sewero lonse. M'mphepete mwa tsamba lililonse analemba manambala osonyeza pomwe magetsi asinthe ndi pomwe nyimbo ilowe. Amanong'oneza pa mahedifoni kuti "standby", kenako "go", ndipo mawu achiwiriwo asanatuluke palibe amakhudza batani, ngakhale akulidziwa sewerolo pamtima. Pansi pali timatepi tosonyeza pomwe mwendo uliwonse wa mpando uyenera kuima. Tebulo la katundu wa osewera analigawa zigawozigawo ndi tepi, chigawo chilichonse ndi dzina lake: kapu apa, kalata apa, chipewa apa. Chikasowa chinthu umaona mpata sewero lisanayambe.

Tsono apa ndiloleni ndinene. Pa 6 July ndodo ya mfumu itasowa, anthu n'kumadikira mpaka kuyamba kuimba malikhweru, tonse tinatembenukira mlongo wathu wosunga zovala. Anakalipidwa pamaso pa alendo, ndipo mpaka lero palibe amene anam'pepesa. Yekhayo ankasita, ankatsegula nsalu yotchinga, ankayatsa nyimbo pafoni komanso ankathamangitsa ana kuseri. Ndodoyo inapezeka m'galimoto ya munthu wa mu komiti momwemu. Vuto lathu n'lakuti ntchito ya kuseri timapatsa amene wasowa mbali m'sewero, ngati chilango. Ambirife tinakulira pa mipikisano ya zisudzo ya ATEM kusukulu, pomwe siteji inali desiki, mpando wa ahedi ndi chitenje pachingwe, ndiye timaganiza kuti zisudzo ndi kuloweza mawu ndi kukuwa. Kuno ku Joni anthu amadya ndi ntchito ya magetsi ndi ukalipentala wa siteji osaonekerapo pamaso pa anthu.

Nkhani ya makoma ndi imene ikukhudza thumba lathu. Iwo amawatcha ma flat: felemu ya matabwa opepuka, kukhomapo nsalu yolimba kapena plywood yopyapyala, n'kupenta. Awiri ukawalumikiza ndi mahinjesi amaima okha ndipo amapindika ngati buku. Lero ndi nyumba ya kumudzi, mawa wapentanso yasanduka ofesi ya pa Mwanza. Ife sewero lililonse timachita hayala galimoto ya bakkie kuti inyamule sofa ya munthu, ikang'ambika mkangano. Ndalama zomwe zinapita ku malaya osindikiza aja, amene theka la gulu silinalandire, zikanagula matabwa okwanira. Akalipentala tili nawo m'gulu momwemu.

Panalinso phunziro la chitetezo: nsalu zisayandikire magetsi otentha, mawaya amatidwe pansi ndi tepi, khomo lothawira lisatsekedwe ndi katundu. Lathu lija timaunjikapo mipando.

Potseka maphunzirowa anagwirizana kuti gulu lililonse lipereke dzina limodzi la munthu woti akakhale ndi akatswiri kuyambira pokonzekera sewero mpaka kugwetsa siteji. Malipiro palibe, koma ya takisi yokha, ndipo munthuyo akhale ndi mapepala ake abwinobwino. Ine sizinandisangalatse ndipo ndinanena konko, kuti wa maganyu sangasiye ntchito milungu yonseyo, mapeto ake mwayi uzingopita kwa ana a opeza bwino. Anangoti alemba.

Ndamva kuti dzina lakonzedwa kale, la amene amasewera mfumu. Wapampando, kumeneko sakukaphunzitsa kusewera. Ine musandiganizire, mayeso ayandikira. Ndikupempha kuti apite mlongo wathu uja, mapepala ali nawo, ndipo gulu limusonkhere ya masiku amene ajombe kuntchito. Dzinali tisankhe pokweza manja Loweruka, osati pa WhatsApp ya a komiti okha. Kasiteji ka katoni ndibwera nako, aliyense adzagwade aone yekha za khomo lija.