Zisudzo zifikenso ku Mbare

Mkonzi,

Zisudzo zisamathere ku Harare Gardens kokha, paki ya pakati pa mzinda wa Harare. Nkhani yanu ya a Daves Guzha, katswiri wa zisudzo, ndaiwerenga, ndipo sinditsutsa kuti bambowa agwira ntchito yotamandika ndi Theatre in the Park, malo oonetserako zisudzo a m'pakimo. Koma ife a ku Mbare ndi ku Mufakose, sewero likatha usiku, kombi yobwerera kwathu timaipeza movutikira. Mdzukulu wanga, yemwe amatiseketsa potsanzira aliyense pakhomo, sanaonepo sewero pansanja.

Komatu kuno anthu amakonda zoonera. Gule wamkulu akangotuluka, msewu umadzaza thothotho.

Ndikupempha otsogolera zisudzo kuti azibweretsa masewero ku Stodart Hall ndi ku Mai Musodzi Hall, maholo a kuno ku Mbare, Loweruka masana, pamtengo woti tingathe, enanso akhale a m'Chichewa.

Wowerenga wanu,
Mbare, Harare